Mafunso Anu: Mzinda ukufuna kudula msonkho pa malipiro anga, ndivomere?

Makalata a mwezi uno agwera pa nkhani imodzi, ya msonkho umene mzinda umadula pa ndalama zimene munthu amapeza, kuti ukonzere misewu, ngalande ndi zitukuko zina. Kalata yoyamba ndayiyankha motalika chifukwa mwini wake ali ndi voti m'manja ndipo tsiku likuyandikira.

Funso: Bambo, ndine namwino, ndimakhala mu mzinda wina waung'ono m'chigawo cha Ohio ku America. Pa malipiro athu mzinda umadulapo kale 1 peresenti. Tsopano khonsolo ikufuna kukweza kuti ifike pa 1.5 peresenti, akuti akonze misewu ndi ngalande za madzi a mvula, amangenso nyumba yatsopano ya ozimitsa moto. Tikavota miyezi ikubwerayi. Anzanga onse kuntchito akuti toto. Agogo ena oyandikana nane nyumba, amene anapuma pantchito kalekale, akhoma chikwangwani panja chonena kuti inde, ndipo amandiuza kuti wokana ndiye kuti sakonda mzinda wake. Mvula ikagwa msewu wathu umasefukira ndipo ndimavutikadi, koma malipiro omwewa ndi amene ndimathandizira abale. Ndivote bwanji? *Namwino wa usiku*

Yankho: Achemwali, voti ndi yanu ndipo sindikusankhirani. Ndikuuzani pamene ine ndikadaima, ndi chifukwa chake.

Ndinagwira ntchito yokonza malipiro a antchito pa kampani ina zaka zoposa 20. Mwezi ukatha, pawindo panga pankabwera anthu atagwira timapepala tawo ta malipiro. Sindiiwala bambo wina woyendetsa makina, manja ali girizi yekhayekha, amene anatsindika chala pa mzere wa ndalama zodulidwa mpaka pepala linada pamenepo. Sanafunse kuti zadulidwa zingati, anali ataziona kale. Anati, "Nanga aja amene ndalama zimawapeza atakhala pakhonde, nawonso mumawadula?" Ndinasowa chomuyankha. Kuyambira tsiku limenelo, nkhani ya msonkho ikabuka ndimayamba ndi funso lake lija: akulipira ndani, nanga akupulumuka ndani?

Ku Ohio kwanuko yankho lake lili poyera. Msonkho wa mzinda umagwira malipiro a antchito ndi phindu la mabizinesi. Penshoni sugwira. Ndalama za okalamba zochokera ku boma sugwira. Chiwongoladzanja cha ku banki ndi phindu la masheya nazonso sugwira. Ndiye kuti agogo anuwo, ngati akudalira penshoni, akavota inde sadzatulutsa ngakhale senti imodzi. Inu mudzatulutsa mwezi uliwonse, ndalama zisanafike n'komwe m'manja mwanu, chifukwa abwana anu ndi amene amadula n'kutumiza. Tiyerekeze kuti mumalandira madola 5,000 pamwezi. Theka la peresenti ndi madola 25, pachaka 300. Tengani kapepala kanu muwerengere nokha, kuti mukamakambirana ndi anzanu muzinena nambala yanuyanu, osati ya pa chikwangwani.

Musawaone agogowo ngati achinyengo. Iwo akuopa china. Mzinda ukafuna ndalama, njira ina imene umathamangira ndi msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo umenewo ndi umene umawawa munthu wopuma pantchito. Nyumba imakwera mtengo, penshoni ili pomwepo, kalata ya msonkho ikubwera ndithu. Apa ndiye pali ubwino weniweni wa msonkho wa pa malipiro: umatsata thumba. Ntchito ikakutherani, nawo umaima. Msonkho wa nyumba sudziwa kuti mwachotsedwa ntchito kapena mwagona m'chipatala miyezi itatu. Ndaona mabanja akugulitsa nyumba imene anakaliramo ana awo chifukwa cha msonkho umene sunafunse ngati akupeza kanthu. Pa chifukwa chimenechi ine sindidana nawo msonkho wa pa malipiro. Koma mawu oti wokana sakonda mzinda wake ndi olakwika, ndipo amapweteka kwambiri akachokera kwa munthu amene sadzalipira. Mukhoza kuwauza zimenezi mwaulemu, ngati mwana wawo.

Ubwino womwewo uli ndi mbali yake yoopsa kwa mzinda. Chuma chikagwa, anthu ambiri nthawi imodzi amataya ntchito, ndipo thumba la khonsolo limaphwa pa nthawi imene likufunika kwambiri. Columbus, likulu la chigawo chanu, inakumana nazo chuma cha dziko chitagwedezeka mu 2008. Mu August 2009 anthu anavota kukweza msonkho kuchoka pa 2 peresenti kufika pa 2.5, atauzidwa kuti popanda kutero apolisi ndi ozimitsa moto achepetsedwa. Ndiye funsani ngati khonsolo yanu ikufuna kutenga ngongole ya zaka 20 podalira msonkho watsopanowu. Ngati ndi choncho, chaka choipa chikabwera okongoza ndi amene adzayambe kulipidwa, ngalande ya mumsewu mwanu idzadikira.

Tsopano chimene ndikufuna muchite sabata ino. Pezani mawu enieni amene adzalembedwe pa pepala lovotera. Osati a pa chikwangwani, osati a meya pa wailesi, koma a pa pepalalo, chifukwa ndi okhawo amene amamanga khonsolo. Lamulo la Ohio limati mzinda sungapitirire 1 peresenti popanda kufunsa anthu, n'chifukwa chake akubwera kwa inu. Onani ngati mawuwo akutchula misewu, ngalande ndi nyumba ya ozimitsa moto, kapena akungoti ndalama ndi zoyendetsera ntchito za mzinda. Mawu achiwiriwa ndi thumba lopanda pansi: lero misewu, mawa malipiro a akuluakulu, ndipo palibe lamulo limene laswedwa. Onaninso ngati pali chaka chimene msonkhowu udzathe. Nyumba ya ozimitsa moto imamangidwa kamodzi. Msonkho womangira nyumbayo usakhale wamuyaya.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri amakazindikira mochedwa. Ngati chipatala chanu chili mu mzinda wina, mumalipira kaye kumene mumagwira ntchitoko. Mzinda umene mumagona umakuchotserani zimene mwalipira kale, koma mizinda imasiyana: ina imachotsera zonse, ina gawo chabe, ina siichotsera konse. Funsani ku ofesi ya msonkho kuti kwa inu zidzakhala bwanji. Mwina mupeza kuti kukwezaku sikukukhudzani konse, mwinanso kukukhudzani kuposa anzanu.

Ine ndikadakhala inu, mawu a pa pepala atatchula ntchitozo ndi chaka chothera, ndikadavota inde. Madzi osefukirawo nawonso akukulipiritsani kale, kungoti salemba pa kapepala ka malipiro: matayala ophulika m'maenje, makoma onyowa, ambulansi yozungulira njira yaitali. Inu amene mumagwira usiku mukudziwa tanthauzo la mphindi zisanu. Koma mawuwo akakhala otakasuka opanda malire, ndikadavota ayi ndi mtima woyera, n'kulembera makhansala kuti abwerenso ndi pepala lomveka. Makhonsolo amabweranso ndithu akakanidwa, ndipo kachiwiriko amalemba mosamala.

Funso: Malume, ine ndimagwira ntchito mumzinda koma ndimagona kunja kwake. Akuti msonkho woterewu ukabwera udzandigwira inenso, chonsecho sindiloledwa kuvota kumeneko. Chilungamo chili pati? *Woyenda m'mamawa*

Yankho: Mphwanga, dandaulo lako ndi lakale ngati msonkho womwewo, ndipo theka lake ndi loona.

Philadelphia ndi mzinda woyamba ku America kudula msonkho wotere, mu 1939, ndipo unayambira pa 1.5 peresenti. Unagwira okhala mumzinda ndi ongobwera kudzagwira ntchito omwe. Pofika m'zaka za m'ma 1980 unali utakwera mpaka 4.96 peresenti kwa okhala mumzinda. Kumeneko kuli msewu wotchedwa City Avenue, umene ndi malire: mbali ina ndi Philadelphia, tsidya linalo ndi dera lina, kumene kuli tauni ya Bala Cynwyd. Tsidya lopanda msonkho wa mzindawo ndi kumene kunamera nyumba zazitali za maofesi. Wantchito wogona kunja kwa mzinda, ofesi yake ikangowoloka msewu, malipiro ake amakwera popanda abwana kuwonjezera kanthu. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 mzindawo wakhala ukutsitsa msonkhowo pang'onopang'ono, ndipo tsopano uli pansi pa 4 peresenti. Nyumba singathawe msonkho, koma ntchito ili ndi miyendo. Khonsolo iliyonse yoganiza za msonkhowu iyambe yayang'ana kuti malire ake ali patali bwanji.

Mizinda ina inayenda njira zina. New York inkadula 0.45 peresenti kwa ongobwera kudzagwira ntchito, mpaka nyumba ya malamulo ya chigawocho inathetsa mu 1999, ndipo mzinda unataya madola mamiliyoni mazanamazana chaka chilichonse. Washington, likulu la dziko, lamulo la mu 1973 limailetseratu kudula msonkho kwa osakhala mumzindamo, ngakhale kuti antchito ambiri amachokera ku Maryland ndi ku Virginia. Ku Michigan anadula pakati: wobwera amalipira theka la zimene wokhalamo amalipira. Ku Detroit ndi 2.4 peresenti kwa okhalamo, 1.2 kwa obwera.

Kwa ine njira ya ku Michigan ndiyo ili pafupi ndi chilungamo. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo umayenda pa misewu ya mzindawo, umamwa madzi ake, ndipo ofesi yako ikagwira moto galimoto yozimitsa siyifunsa kumene umagona. Kusalipira konse ndi kusenzetsa katundu wako anthu okhala mumzinda, amene nthawi zambiri ndi osauka kuposa iwe. Komabe kulipira mofanana ndi wovota n'kolakwika, chifukwa khansala amene sakuopa voti yako sadzachita manyazi kukuwonjezera mtolo. Ukapita ku msonkhano wa khonsolo, ngati amalola kuti nawenso ulankhule ngakhale suvota, usakapemphe kuti akuchotse. Ukapemphe kuti gawo lako lilembedwe m'lamulo ndipo lisamakwere palokha.

Ngati masiku ena umagwirira ntchito kunyumba, uzilemba masikuwo. Mliri wa Covid utabuka mu 2020, Ohio inalola mizinda kupitiriza kudula anthu amene sankaponda n'komwe ku ofesi. Nkhani inafika ku khoti lalikulu la chigawocho, ndipo mu 2024 linagamula mokomera mizinda pa za nthawi ya mliriyo. Malamulo a nkhani imeneyi amasiyana malo ndi malo, koma kulikonse wokhala ndi kaundula wa masiku ake ndi amene amamveka.

Funso: Bambo, musatinamize. Msonkho uliwonse umathera m'matumba mwa akuluakulu. Tipereke bwanji zina pamene zakale sitinazione? *Wotopa nazo*

Yankho: Bambo, mkwiyo wanu sindiutsutsa. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa anthu ndi khonsolo, m'holo yodzaza mpaka ena ataima m'mawindo. Kutsogolo anapachika chithunzi chachikulu cha mlatho umene ankati adzamanga. Mayi wina wachikulire anadikira pamzere pafupifupi ola lathunthu. Atafika pa chimkuzamawu anatulutsa m'chikwama kapepala kopindapinda kamene khonsolo yomweyo inagawa zaka zingapo m'mbuyomo, kali ndi chithunzi cha mlatho womwewo. Anangokakweza m'mwamba n'kufunsa kuti, "Za uwu zinapita kuti?" Akuluakulu anayang'anana. Palibe amene anabwera ndi pepala la mmene ndalama zakale zinayendera. Holo yonse inati zii, ndipo ine ndinadziwa kuti nkhani yatha pomwepo. Khonsolo imene singayankhe mayi ameneyo ilibe ufulu wopempha zina.

Koma ndikukanani pa mawu oti uliwonse. Ku Oklahoma City, mu December 1993, meya Ron Norick anapempha anthu msonkho wa senti imodzi pa dola iliyonse ya zogula, kwa zaka zisanu. Unali msonkho wa pa malonda, osati wa pa malipiro, koma mmene anaumangira ndi mmene muli phunziro. Ntchito zinatchulidwa mayina zisanayambe, mwa zina bwalo la masewera, laibulale ndi ngalande ya mabwato pakati pa mzinda. Sanakongole: ankamanga ndalama zikalowa. Anaika komiti ya anthu wamba yoyang'anira. Zinthu zinachedwa ndipo anthu anang'ung'udza, koma zinamangidwa, anthu n'kuzikhudza ndi manja. N'chifukwa chake anavomeranso mu 2001, mu 2009 ndi mu 2019.

Ku Missouri chingwe chake n'china. Kansas City ndi St. Louis amadula 1 peresenti pa malipiro. Kuyambira pa voti ya mu 2010, mizinda iwiriyi imayenera kubwerera kwa anthu zaka zisanu zilizonse kukafunsa ngati msonkhowo upitirire, ndipo akakana uyenera kutha pang'onopang'ono m'zaka khumi. Amene anabweretsa lamuloli ankafuna msonkhowo ufe. Koma mu 2011, 2016 ndi 2021 anthu anavomera ndi mavoti ochuluka kwambiri. Atsogoleri a mizindayo amadandaula kuti n'kovuta kukonza mapulani a zaka zambiri uli ndi voti yotere pakhosi, ndipo akunena zoona. Ngakhale zili choncho, ine ndimakonda kuona meya akutuluka mu ofesi zaka zisanu zilizonse kukafotokozera anthu za ndalama zawo. Mkwiyo wanuwo mupite nawo ku msonkhano, mukafunse zinthu ngati zimenezi chimodzichimodzi. Mukakhala nawo kunyumba, ovota ena adzasankha popanda inu ndipo kudulidwa mudzadulidwabe.

Funso: Agogo, ndine wophunzira. Bwanji osangonena kuti munthu aliyense wamkulu apereke ndalama yofanana? Si zophweka kuposa kuwerengera malipiro a aliyense? *Mdzukulu wanu*

Yankho: Mdzukulu wanga, kuphweka n'zophwekadi, ndipo zinayesedwa. Boma la Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, linabweretsa msonkho wa mutu ku Scotland mu 1989, ku England ndi ku Wales mu 1990. Wolemera wa nyumba ya zipinda makumi ndi wosesa m'nyumbamo, ndalama yofanana. Pa 31 March 1990 ku London kunabuka zipolowe, anthu miyandamiyanda anakana kulipira, ndipo chakacho chisanathe mayi Thatcher anatula pansi udindo. Mu 1993 msonkhowo unalowedwa m'malo ndi wina wotengera mtengo wa nyumba. Ndalama yofanana kwa anthu osafanana ndi mtolo umodzi pa mutu wa mwana ndi wa munthu wamkulu.

Ku Tanzania makhonsolo ankatolera msonkho wa chitukuko kwa munthu wamkulu aliyense mpaka boma linauthetsa mu 2003. Uganda inathetsa wake mu 2005. Anthu ankadandaula ndi nkhanza za otolera, amuna ena ankathawa akamva kuti afika, ndipo ndalama zambiri zinkathera pa kutolera komweko. Koma utathetsedwa makhonsolo anatsala ndi manja lende, akudikira zochokera ku likulu, ndipo khonsolo yodya za ku likulu imamvera likulu kuposa anthu ake. Mu 2008 Uganda inabweretsa msonkho wina wa makhonsolo umene umagwira makamaka olandira malipiro. Apa ndiye funso la bambo wa girizi uja limabweranso ndi mphamvu. Kumene anthu ambiri amadzilemba okha ntchito, msonkho wa pa malipiro umagwera aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ochepa amene mayina awo ali m'kaundula, pamene wochita malonda aakulu osalembetsa akudutsa pa msewu womwewo osaperekapo kanthu. M'malo otere ine sindingaulimbikitse, mpaka wotolera atayamba kuona matumba onse.

Kumene umayenda bwino kwambiri ndi ku Sweden. Makhonsolo 290 a kumeneko pamodzi ndi zigawo amadula pafupifupi 32 peresenti, ndipo ndalamazo ndi zimene zimayendetsa sukulu, zipatala ndi chisamaliro cha okalamba. Usathamangire nambalayo, yang'ana zimene zili pansi pake. Khonsolo imasankha mlingo wake, koma wotolera ndi mmodzi, bungwe la msonkho la dziko lonse, kotero palibe khonsolo yowononga ndalama pothamangitsa anthu. Pafupifupi aliyense ndalama zake n'zolembedwa, ndipo penshoni nayonso imadulidwa, mosiyana ndi ku Ohio. Pamwamba pa izo boma limatapako kwa makhonsolo olemera n'kuwonjezera kwa osauka, kuti mwana wobadwira m'tauni yopanda mafakitale asaphunzire m'sukulu yodontha chifukwa makolo a m'deralo amalandira zochepa.

Ngati ukulemba za nkhaniyi kusukulu, uwonjezerepo Seattle, mzinda wa ku America m'chigawo cha Washington (osati likulu la dziko lija). Mu 2017 khonsolo ya kumeneko inakhazikitsa 2.25 peresenti pa ndalama zopitirira madola 250,000 pachaka, kuti igwire olemera okhaokha. Makhoti anaukana, potsata chigamulo chakale cha mu 1933 chimene chimati m'chigawo cha Washington ndalama zimene munthu wapeza zimatengedwa ngati katundu, ndipo katundu ayenera kudulidwa pa mlingo umodzi kwa onse. Mlandu unatha mu 2020 mzinda usanatolere ngakhale dola imodzi.